Dothi Lobwera ndi Mphepo

Dothi lililonse lili ndi kwawo. Lina linabadwira pamalo pomwe lilipo, kuchokera ku thanthwe la pansi pake limene lakhala likufumbutuka pang'onopang'ono kuyambira kalekale. Lina ndi lobwera: linatsetsereka ndi madzi kuchokera kuphiri, kapena mtsinje unalisiya utasefukira. Ndiye pali lachitatu, losowa kuno kwathu koma lodyetsa anthu miyandamiyanda kumaiko ena, limene linadzera mumlengalenga. Fumbi linkagwa pamwamba pa fumbi linzake, chaka ndi chaka, mpaka panakhala nthaka yakuya yoti munthu n'kukumbamo nyumba. Akatswiri a za nthaka amalitcha loess, ndipo lakuta pafupifupi magawo 10 pa 100 aliwonse a mtunda wa dziko lapansi.

Mlimi wa ku Mauwa, m'boma la Chiradzulu, safuna buku kuti asiyanitse dothi. Akuuzani kuti apa mpakatondo, chimanga ndi nandolo zimachita bwino bola feteleza alipo. Akulozerani kumunsi kuti uko nkumakande, m'chilimwe kumang'aluka ming'alu yolowa dzanja, mvula ikagwa khasu limangomata. Pamchenga adzala chinangwa, mbatata kapena mtedza, ndipo kudambo ndiko kudimba. Amayi oumba mbiya amadziwa pamene pali dongo labwino, anyamata oumba njerwa amadziwa chulu choti agumule. Kumeneku ndiko kugawa dothi m'magulu, ndipo zimene mlimiyu amayang'ana ndi zomwezo zimene katswiri amayamba nazo: mtundu wake, kukhakhala kapena kusalala kwake m'manja, ndi mmene limachitira likakumana ndi madzi.

Katswiri amangowonjezapo muyeso. Tizidutswa ta dothi amatigawa patatu. Tatikulu, kuyambira mamilimita 0.05 mpaka 2, ndi mchenga. Tating'onoting'ono kwambiri, tosafika mamilimita 0.002, ndi dongo. Pakati pa ziwirizi pali gulu limene anthu ambiri saliganizira, lotchedwa silt, limene m'mutu uno tizilitcha fumbi losalala. Mukalinyowetsa n'kulitikita ndi zala silikanda monga uchitira mchenga, komanso silimata monga lichitira dongo. Limangoterera, ndipo likauma limasansika m'manja. Dothi limene zitatuzi zasakanikirana bwino, mwachitsanzo magawo 40 a mchenga, 40 a fumbi losalala ndi 20 a dongo, ndilo limatchedwa loam, ndipo alimi kulikonse amalikonda chifukwa ndi lofewa polima koma losunga chinyezi. Dothi lobwera ndi mphepo limapendekera kwambiri ku fumbi losalalali, nthawi zambiri kuposa theka la thupi lake lonse.

Chifukwa chake chili m'kachitidwe ka mphepo. Aliyense amene anaonapo kamvuluvulu akudutsa m'munda wosesedwa bwino mu Okutobala waona chiyambi cha nkhani yonseyi. Mphepo siinyamula chilichonse chimene yapeza. Timiyala imatisiya pomwepo. Mchenga imaukankha, ndipo umayenda modumphadumpha, kawirikawiri osapitirira m'chiuno mwa munthu, n'kukaunjikana pamene pali chotchinga. Fumbi losalala ndi dongo louma ndizo zimakwera m'mwamba n'kuyenda ulendo wautali. Ralph Bagnold, msilikali wa ku Britain amene anayendayenda m'chipululu cha Libya, anafotokoza zimenezi m'buku lake la 1941, ndipo anaonetsa chinthu chimene ambiri sangachiyembekezere: fumbi losalala likangokhala phee pansi, mphepo payokha imavutika kulidzutsa. Chimalidzutsa ndi mchenga wodumphadumpha uja, umene umalimenya n'kuliponya m'mwamba, kapena mapazi a ng'ombe, khasu ndi matayala. Tinganene kuti mphepo imapeta. Monga mayi ndi lichero lake, zolemera zimatsalira, zopepuka zimauluka n'kukagwera pamodzi poteropo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa nthaka zouluka zija si mankhusu ayi, ndizo zonona.

Kuti fumbi lotere liunjikane mpaka kukhala nthaka pamafunika zinthu zitatu: gwero losatha la miyala yoperedwa, mphepo yowomba mbali imodzi kwa nthawi yaitali, ndi udzu kapena tchire loti ligwire fumbilo likatera. Gwero lalikulu linali madzi oundana. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo, kumpoto kwa America ndi kwa Ulaya kunali kokutidwa ndi madzi oundana ochindikala kupitirira kilomita, amene poyenda ankapera matanthwe. Akamasungunuka, mitsinje inkamwaza matope a miyala yoperedwayo m'zigwa zazikulu, matopewo n'kuuma, mphepo n'kuwatenga. Gwero lachiwiri ndi zipululu ndi nyanja zouma. Kwa nthawi yaitali akatswiri a ku Ulaya, kuphatikizapo Charles Lyell, ankakhulupirira kuti dothi lachikasu la m'chigwa cha Rhine linasiyidwa ndi madzi. Amene anatembenuza maganizowa ndi Ferdinand von Richthofen wa ku Germany, yemwe anayenda m'dziko la China kuyambira 1868 mpaka 1872. Iye anaona dothi lomwelo litakuta zigwa, zitunda ndi mapiri omwe, ndipo m'kati mwake munali zigoba za nkhono za kumtunda, osati za m'madzi. Madzi sakwera phiri kukasiya matope pamwamba. Mphepo ndiyo ingatero.

Ku China n'kumene dothili limaonetsa ukulu wake. Dera lake lalikulu, kumpoto chapakati pa dzikolo, ndi la masikweya kilomita pafupifupi 640,000, kuposa Malawi kasanu, ndipo kufupi ndi mzinda wa Lanzhou kuya kwake kumapitirira mamita 300. Mtsinje wa Huang He umaoneka wachikasu chifukwa cha dothi lomweli. Kale unkanyamula matani pafupifupi 1.6 biliyoni a matope pachaka. Anthu a kumeneko akhala akukumba nyumba m'zipupa za dothili kwa zaka zikwi zingapo, nyumba zofunda m'nyengo yozizira, zozizirira m'nyengo yotentha, ndipo ambiri akukhalamobe. Izi zimatheka chifukwa cha khalidwe lina la dothili: likadulidwa limaima chilili osagumuka, malinga ngati lili louma. Likanyowa kwambiri kapena kugwedezeka, limafwafwanthuka nthawi imodzi. Chivomerezi cha 1556 ku Shaanxi, chimene mabuku akale amati chinapha anthu pafupifupi 830,000, chinapeza ambiri ali m'nyumba zoterezi. Cha ku Haiyuan mu 1920 chinagumula zitunda zathunthu n'kupha anthu oposa 200,000.

Mukakumba dzenje m'dothi lotere, choyamba kuchiona n'chakuti mulibe mwala. Khasu limangolowa osagunda kanthu, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mulibenso mizeremizere ya mchenga ndi matope yosinthanasinthana imene imaoneka m'mphepete mwa mtsinje, pamene kusefukira kulikonse kumasiya chizindikiro chake. Mtundu wake ndi wotuwa mopita kuchikasu. Lili ndi timipata tambirimbiri, motero mizu imatsika mosavuta ndipo madzi amene limasunga ndi oti mbewu n'kumwa. Dongo limasunga madzi ochuluka koma limawaumira. Chinanso, miyala yake ndi yoperedwa chaposachedwa, sinasukulukebe, ndiye ikadali ndi potaziyamu, kasiyamu ndi zina zimene mbewu zimafuna. Apa ndi pamene limasiyanira kwambiri ndi katondo wathu. Katondo ndi dothi lokalamba. Mvula ndi kutentha zalisuka kwa zaka zosawerengeka, ndipo kufiira kwake ndi dzimbiri la chitsulo chimene chinatsalira zina zitapita. Dzimbiri lomwelo limagwira fosifolasi wa mu feteleza n'kumamumana mbewu. N'chifukwa chake munda wa katondo umaoneka wamphamvu koma chaka chopanda thumba la feteleza wokulitsa chimanga chimangofika m'chiuno, masamba ali achikasu.

Maonekedwe a dothi lobwera ndi mphepo amasinthanso malinga ndi mvula ya kumene linagwera. Taganizirani zigwa zazikulu za pakati pa dziko la United States, kumadzulo kwa Kansas ndi Nebraska, kumene mvula ya chaka chonse imangokhala pakati pa mamilimita 400 ndi 600, yosakwana kumeretsa nkhalango koma yokwanira udzu. Udzu umafa ndi kuphuka chaka chilichonse, ndipo mizu yake yambirimbiri imaolera m'nthaka momwemo. Pakapita zaka zikwi zingapo pamwamba pamakhala pakuda bii, pofewa, pochindikala masentimita 25 kapena kuposa. Pansi pake pamabwera gawo lofiirira lokhala ndi dongo lochulukirapo, lomwe madzi analitsitsa kuchokera pamwamba. Mukapitirira kukumba mupeza timadontho ndi timiyala toyera ta laimu, pamene chinyezi cha mvula chimalekezera chaka ndi chaka. Mukadonthezapo asidi pamachita thovu. Kuya kwa laimuyo kumaulula mvula ya deralo: kumene mvula ndi yochepa amapezeka pafupi, kumene ndi yambiri amatsika kapena kutheratu. Pansi pa zonsezi pali fumbi lachikasu lija, losasinthika, monga linagwera.

Kuwerenga dothi motere, gawo ndi gawo kuchokera pamwamba, kunayamba ndi Vasily Dokuchaev wa ku Russia, amene mu 1883 anasindikiza kafukufuku wake wa dothi lakuda la m'zigwa za udzu za Russia ndi Ukraine, lomwe lambiri linapangika pa fumbi la mphepo lomweli. Iye anaonetsa kuti dothi si mwala wophwanyika chabe, koma chinthu chopangidwa ndi nyengo, zomera, malo ndi nthawi. Lero pali njira ziwiri zikuluzikulu zogawira dothi. Ya ku America, Soil Taxonomy, inasindikizidwa mu 1975 ndipo tsopano ili ndi magulu aakulu 12. Ina ndi World Reference Base, imene inatuluka mu 1998 mothandizidwa ndi bungwe la FAO, ndipo ili ndi magulu 32. Dothi lakuda la m'zigwa za udzu, njira yoyamba imaliika mu Mollisols. Yachiwiri imalitcha Chernozems, ndipo la kouma kwambiri, lofiirira, imalitcha Kastanozems. Ku America amapitirira n'kulipatsa dzina, kawirikawiri la mudzi kapena tauni kumene linayamba kufotokozedwa. Dothi la Holdrege ku Nebraska ndi la Harney ku Kansas, onse obadwa ku fumbi la mphepo, ali m'kagulu kotchedwa Typic Argiustolls, kutanthauza dothi lakuda la udzu, louma miyezi ina ya chaka, lokhala ndi dongo lounjikana pansi. Maboma a zigawo ziwirizi anachita kulisankha dothi limeneli kukhala chizindikiro chawo, monga ena asankhira mbalame kapena duwa.

M'njira zomwezi dothi lathu lili ndi malo ake. Katondo wambiri wa m'Malawi amalowa mu Lixisols ndi Luvisols, ndipo wosukuluka kwambiri wa kumadera a mvula yochuluka ali mu Ferralsols. Makande a m'chigwa cha Phalombe ndi a ku Ngabu ndi Vertisols, la kudambo ndi Gleysols, la m'mbali mwa Shire losiyidwa ndi madzi ndi Fluvisols. Maina amenewa ndi olemetsa lilime, ndipo sindikuona chifukwa choti mlangizi aziwatchula pamsonkhano wa pansi pa mtengo wa mango. Koma ntchito yake ilipo. Mukadziwa kuti makande ndi Vertisols, mwadziwa kuti ndi dothi limodzimodzi ndi la thonje la ku Gezira m'dziko la Sudan ndi la ku Deccan ku India, ndipo zimene alimi a kumeneko anaphunzira pa kalimidwe kake zingathandize ku Phalombe. Dzina limakuuzani amene mungamufunse nzeru. Limakuuzaninso amene nzeru zake muyenera kuzilandira mosamala, ndipo pa ichi tili ndi mbiri yathuyathu.

Chimene mphepo inabweretsa, mphepo ingathe kuchitenganso. Alimi a ku America atapeza mathirakitala, makamaka kuyambira nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse pamene tirigu anakwera mtengo, anagalauza udzu wa m'zigwa zija pa mahekitala mamiliyoni ambiri. Chilala chitafika m'zaka za m'ma 1930, tirigu anauma, nthaka inatsala pambalambanda, ndipo fumbi losalala linabwerera kumene linachokera. Mu Meyi 1934 fumbi la m'minda imeneyi linakagwa ku Chicago ndi ku New York. Pa 14 Epulo 1935 chimtambo chakuda cha fumbi chinakuta mbali za Oklahoma, Texas ndi Kansas masana kukhala ngati usiku, ndipo mwezi womwewo usanathe, pa 27 Epulo, boma linakhazikitsa nthambi yoteteza nthaka, Soil Conservation Service, motsogozedwa ndi Hugh Bennett. Mabanja ambirimbiri anasiya minda yawo n'kusamukira ku California.

Mbiri ya tsokali inawaopsa atsamunda mu Africa muno. Bennett mwiniwake anafika ku South Africa mu 1944, ndipo ku Nyasaland lamulo la zachilengedwe la 1946 linapatsa boma mphamvu zokakamiza anthu kulima motsatira malangizo. Imeneyi ndiyo nthawi ya malimidwe, imene agogo athu amaikumbuka ndi mkwiyo: matutu analetsedwa, mizere yopingasa ndi migula zinakhala lamulo, wokana ankalipitsidwa, kumangidwa, ngakhale kuzulidwa mbewu. Zinakula mu ulamuliro wa bwanamkubwa Geoffrey Colby, pambuyo pa njala ya 1949, ndipo zinali m'gulu la zimene zinautsa zipolowe za 1953 kum'mwera kuno. Kunena zoona, mizere yopingasa pamalo otsetsereka inali nzeru yabwino. Cholakwika chinali kuloza chala khasu la munthu wakuda n'kusiya chimene aliyense ku Chiradzulu ankachiona, chakuti anthu anapanikizana pa timalo tochepa m'mbali mwa mapiri pamene nthaka yaikulu inali m'manja mwa eni maesiteti, monga a A. L. Bruce ku Magomero.

Nanga bwanji kuno kulibe dothi lakuya la mphepo? Madzi oundana a nthawi ija sanafike kuno. Mwera, mphepo yathu ya m'nyengo youma, umachokera kum'mwera chakum'mawa, kunyanja ya mchere ya India, ndipo m'malo mwa fumbi la m'chipululu umatibweretsera chiperoni. Fumbi lochepa limene limagwa, mvula ya Disembala ndi chiswe zimalisakaniza ndi dothi la pomwepo moti silidziwikanso. Komabe ntchito ya mphepo siili kutali. Kumpoto kwa nyanja ya Chilwa kuli mtandadza wautali wa mchenga, woundidwa ndi mafunde pamodzi ndi mphepo, umene unalekanitsa Chilwa ndi Chiuta. Njanji yopita ku Nayuchi imadutsa kumeneko. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, ndipo mitsinje monga Phalombe, Likangala ndi Domasi imangothiramo matope. Ikauma, monga inachitira mu 1968 ndi 1995 komanso mbali yaikulu mu 2018, pamatsala chigwa cha matope ong'aluka okhala ndi mchere, pamene asodzi a matemba amayenda pansi ndi panjinga, fumbi lili kobo. Magwero aakulu a fumbi mu Africa ndi otere ndithu, nyanja zakale zimene zinauma: Makgadikgadi ku Botswana, Etosha ku Namibia, ndi lalikulu koposa, chigwa cha Bodélé ku Chad. Fumbi la Sahara limawoloka nyanja ya Atlantic, ndipo kafukufuku wa NASA wa 2015 anapeza kuti matani oposa 27 miliyoni amagwera m'nkhalango ya Amazon pachaka, atanyamula fosifolasi. Kumadzulo kwa Zambia, cha ku Mongu, kuli mchenga wakuya wa Kalahari, mbali yolemera ya zopetedwa zija, wosauka chonde. Ndipo abale athu okhala ku Johannesburg amalidziwa fumbi la Ogasiti, lochokera ku milu ya zinyalala za migodi ya golide.

Ku Mauwa wakuba wamkulu wa nthaka ndi madzi, si mphepo. Kafukufuku amene FAO inatulutsa mu 2016 anapeza kuti mu 2014 Malawi inkataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Ndipo madzi akakwiya sasankha. Namondwe Freddy atagumula phiri mu Malichi 2023 n'kusesa mudzi wa Ntauchira kwa mfumu yaikulu Likoswe, m'boma lomweli la Chiradzulu, chimene chinatsika chinali matanthwe, mitengo, mchenga ndi matope zonse pamodzi. Koma kuchepa kwa gawo la mphepo kusatinamize. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, minda yambiri imakhala yambee: mapesi atenthedwa posaka mbewa kapena posesa munda, mbuzi zapondaponda, mizere yatsopano yaundidwa dothi lili louma. Chimene kamvuluvulu amanyamula pamenepo ndi fumbi losalala, phulusa ndi tizinyalala toola, ndipo amasiya mchenga. Pa sikelo n'zochepa, koma pa chonde ndi zambiri kuposa kulemera kwake. Munda wosiyidwa ndi mapesi ophimbira, kapena umene nandolo akadali chiimire mpaka Seputembala, sufuka choncho, chifukwa mchenga wodumphadumpha uja umasowa poyambira liwiro.

Wofuna kudziwa kwawo kwa dothi la pamudzi pake sayenera kudikira makina a ku Bvumbwe kapena ku Chitedze. Akangoyang'ana m'dzenje la chimbudzi chatsopano kapena m'chigwembe cha m'mbali mwa msewu, pa katondo wa kuno nthawi zambiri aona dothi lofiirira pamwamba, lofiira kwambiri pansi pake, kenako mzere wa timiyala toyera ta nsangalabwi wopingasa chipupa chonse, ndipo pansi pa mzerewo thanthwe lofumbwa, losweka ndi khasu koma looneka mizere ya mwala umene linali. Thanthwe lofumbwalo ndilo kholo la dothilo. Dothi lopanda miyala la pamwamba pa mzere uja, akatswiri ambiri amati mbali yaikulu linakwezedwa ndi chiswe, kachidutswa kamodzikamodzi, timiyala tolemera n'kutsalira pansi.